Tomato wa ku Mchengautuwa ndi mbiri ya mankhwala otsalira m'ndiwo

Mzuzu udayamba ngati esiteti. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 atsamunda adalambula nkhalango kumpoto kwa mapiri a Viphya n'kubzala mitengo ya tung, imene njere zake amayenga mafuta opangira penti ndi vanishi, ndipo ntchitoyo idali m'manja mwa Colonial Development Corporation. Mitengoyo sidapindule monga eni ake ankayembekezera, koma anthu amene adabwera kudzagwira ntchito adakhazikika. Pa kalembera wa 1977 mu Mzuzu mudali anthu pafupifupi 16,000 okha. Mu 1985 malowa adakwezedwa kukhala mzinda, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 221,272. Khamu lonseli silikadakwana ku Katoto ndi ku Kaning'ina. Lidasefukira ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo, Masasa ndi Mchengautuwa, kumene nyumba zidamera msanga mapulani a khonsolo akadali m'kabati.

Kukula kumeneku kudasintha za mumphika. Banja la kumudzi ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay linkathyola ndiwo kuseri kwa nyumba, likudziwa amene adabzala ndi zimene adathirako. Banja la ku Mchengautuwa limagula. Masamba ena amachokera pafupi, m'madimba a m'mbali mwa timitsinje ta mumzinda momwemo ndi m'chigwa cha Lunyangwa. Tomato wambiri amabwera pa malole kuchokera ku Jenda, cha kumalire a Mzimba ndi Kasungu, kutsata msewu wa M1. Amayi amalawirira kukapikula kumsika waukulu kapena ku Vigwagwa, amakweza madengu pa sakaramento, ndipo dzuwa likamakwera katundu amakhala ataikidwa kale timilu pa mabenchi a m'mbali mwa msewu. Wogula amafika, amafinya pang'ono kuti amve kulimba kwake. "Amama, tomatoyu ngwa kuti?" "Ngwa ku Jenda, wangofika m'mawa uno." Amapempha banyira, n'kumapita. Akadayang'anitsitsa pamene padali kamtengo, nthawi zina akadaona timadontho touma, totuwira chachikasu, tosiyana ndi fumbi la mumsewu. Amenewo kawirikawiri amakhala mancozeb, mankhwala a chiwawu amene alimi amangowatchula dzina la malonda lakuti Dithane.

Funso lakuti mankhwala otere atsale ochuluka bwanji pa chakudya, ndiponso awayeze ndani, si lachilendo m'Malawi. Lakhala likuyankhidwa mosamala pa tiyi, fodya, khofi ndi makademiya, mbewu zimene zimakwera sitima kupita kunja. Pa tomato wa pabenchi yankho lilipo ndithu, koma lidatsalira m'mabuku a malamulo.

Makolo ankalimbana ndi tizilombo ndi zimene zidali pakhomo. Nyemba ankazisakaniza ndi phulusa asanazitsekere m'mbiya, ndipo chimanga cha mbewu ankachipachika pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Kudali dema, kudali masamba a fodya oviika m'madzi, kudalinso chitsamba cha ombwe chimene kumpoto kuno chimadziwika kuti mtetezga, chomwe masamba ake osinja ankaledzeretsa nsomba m'maiwe. Ndiwo zake nazonso sizinkavuta. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje zinkamera zokha, nkhwani ndi khwanya zinkathyoledwa m'munda wa chimanga momwemo, ndipo za m'chilimwe zinkafutsidwa n'kusungidwa m'zikwatu. Kabichi, repu, chainizi ndi tomato wamkuluwamkulu wa mitundu ngati Money Maker ndi Rodade ndi mbewu zobwera. Zikabzalidwa mizere yambirimbiri pamalo amodzi chaka ndi chaka, tizilombo timamanga mudzi pomwepo.

Komabe mankhwala a m'botolo sadalowe m'dziko muno chifukwa cha ndiwo. Adabwera ndi thonje ndi fodya. Mphamvu ya DDT yopha tizilombo adaitulukira ndi Paul Müller ku Switzerland mu 1939, ndipo mu 1948 adalandira nayo mphotho ya Nobel. Nkhondo yachiwiri itatha, mankhwalawa adafalikira m'maiko onse olamulidwa ndi Britain. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri a tizilombo ta thonje, mmodzi mwa iwo Graham Matthews amene adadzagwira ntchito ku Makoka pafupi ndi Zomba, adakonza ndondomeko yopopera imene idakweza zokolola kwambiri: carbaryl ndi DDT za mbozi zoboola zipatso za thonje, dimethoate wa nsabwe. Alimi a ku Chikwawa, Balaka, Salima ndi Karonga adaphunzira kubereka sipuleya kumsana. Mankhwala ankadzera njira ya boma, pa ngongole kapena m'misika ya Farmers Marketing Board, imene idalowedwa m'malo ndi ADMARC mu 1971, ndipo mlangizi ankafika kudzaonetsa kayezedwe kake. Nkhawa ya aliyense idali yakuti mbozi ife. Thonje si ndiwo, choncho za zotsalira sizinkabwera m'maganizo. Koma paketi ikatsala mlimi sankaitaya. Inkathera pa kabichi, m'nkhokwe, mwinanso pa nsikidzi za m'nyumba.

Kumpoto kuno khomo lalikulu lidali fodya. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale yemwe kale adali wa maesiteti okha, mabanja ambiri a ku Mzimba ndi ku Rumphi adayamba kukonza nazale. Nazale ya fodya imafuna madzi m'miyezi yotentha, mvula isanagwe, choncho imakonzedwa kudimba: bedi la fodya apa, bedi la repu apo, chitsime chimodzi, ndowa imodzi. Mankhwala a m'nazale adali amphamvu zedi. Methyl bromide, mpweya wophera tizilombo ta m'nthaka pansi pa pulasitiki, adaleka kugwiritsidwa ntchito m'Malawi kumapeto kwa 2004 chifukwa chowononga mlengalenga. Aldicarb, wogulitsidwa m'dzina la Temik, adasiya mbiri yoipa kwambiri. Masiku ano tameki amamveka m'nkhani za apolisi ndi kwa ogulitsa mankhwala a makoswe kuposa m'nkhani za ulimi. Aldicarb amalowa kumizu n'kukwera ndi madzi a mbewu mpaka m'masamba ndi m'zipatso, kotero akathiridwa pa bedi la ndiwo palibe kutsuka kumene kungamuchotse. Dzina la kampani imene idamutulukira, Union Carbide, ena amalikumbukira chifukwa cha ngozi ya ku Bhopal m'dziko la India mu Disembala 1984, pamene mpweya wochokera m'fakitale yopanga carbaryl udapha anthu zikwi zambiri.

Maiko amene adayamba kupopera ndi amenenso adayamba kuda nkhawa. Mu 1954 nyumba ya malamulo ya ku America idavomereza lamulo lodziwika kuti Miller Amendment, potengera dzina la phungu wa ku Nebraska, Arthur Miller, yemwe adali dokotala. Lamuloli lidati mankhwala aliwonse opopera mbewu zodyedwa akhale ndi malire a zotsalira pa zokolola zosakonzedwa monga zipatso, masamba ndi tirigu. Lidatinso kampani yopanga mankhwalawo ndiyo ibweretse umboni wa kuopsa kwake pamodzi ndi njira yowayezera, ndipo katundu wopyola malire alandidwe. Buku la Rachel Carson lotchedwa Silent Spring, lotuluka mu 1962, lidaitengera nkhaniyi kwa anthu wamba, ndipo mu 1972 America idaletsa DDT pa ulimi. Kuno chiletsocho chidafika m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2009 Malawi adalowa m'pangano la Stockholm lothetsa mankhwala osatha msanga m'nthaka ndi m'thupi. Ngakhale ku America komweko lamulo silidatseke mipata yonse. Mu Julaye 1985 anthu oposa 1,000 adadwala ku California ndi madera oyandikana atadya mavwende amene mudali aldicarb, mankhwala osaloledwa n'komwe pa mavwende. Poti sikudali kotheka kusiyanitsa msanga vwende la munda uwu ndi la munda uwo, boma lidalamula kuti onse amene adali m'masitolo atayidwe.

Pa dziko lonse ntchitoyi idapatsidwa kwa Codex Alimentarius Commission, bungwe limene FAO ndi WHO adakhazikitsa mu 1963. Komiti yake yoona za zotsalira za mankhwala idakumana koyamba ku The Hague mu 1966. Malawi ndi membala, ndipo nkhani za Codex zimadzera ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972. Kawerengedwe ka malirewa, amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti MRL, n'koyenera kukamvetsa bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti malire ndi pamene poizoni amayambira. Akatswiri amapopera mbewu m'minda yoyeserera motsata malangizo a pa botolo: muyezo wake, kangati pa nyengo, ndi masiku odikira usanakolole. Kenako amayeza zimene zatsala pa zokolola, ndipo malire amaikidwa potengera ziwerengero zapamwamba zimene apeza. Padera amafufuza pa nyama, kawirikawiri makoswe, muyezo umene suonetsa vuto lililonse, n'kuugawa ndi 100 kuti apeze zimene munthu angadye tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Malire amavomerezedwa pokhapokha ngati wodya chakudyacho sangapyole muyezo umenewu. Ndiye kuti tomato wopyola malire sagwetsa munthu tsiku lomwelo, koma amaulula kuti kudimba malangizo sadatsatidwe. Nzeru zonse za FAO ndi WHO zatsamira pa mlimi mmodzi, kuti awerenge pepala la pa botolo ndi kulimvera. Pali kampata kenanso: makampani amalipira kafukufuku pa mbewu zamalonda aakulu. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso sizipeza wozilipirira, chikhalirecho m'madimba a masiku ano nazonso zimapoperedwa.

Amene adamvera malirewa msanga ndi ogulitsa kunja, ndipo chidawakakamiza ndi msika. Lamulo la European Union la 2005, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2008, limati ngati mankhwala alibe malire akeake pa mbewu inayake, muyezo ndi 0.01 mg pa kilogalamu. Imeneyo ndi galamu imodzi m'matani 100, kapena tinene m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Tiyi ndi makademiya za ku Kawalazi m'boma la Nkhata Bay, ngakhalenso khofi wa alimi a Mzuzu Coffee wa ku Misuku ndi ku Phoka, zimalimidwa ogulitsa akudziwa kuti wogula akhoza kuyeza ndipo katundu akhoza kubwezedwa. Kenya idalawa zimenezi mu 2013 pamene Ulaya udayamba kuyeza gawo limodzi mwa magawo 10 a nyemba zaziwisi ndi nsawawa zochokera kumeneko, makamaka chifukwa cha dimethoate. Alimi ang'onoang'ono ambiri adataya msika. Mlimi mmodzi yemweyo wa ku Viphya akhoza kusunga kaundula wa zonse zimene wathira pa khofi, koma pa tomato wa kudimba kwake palibe amene adamufunsapo kaundula.

Pamene malamulo akunja ankalimba, msika wa mankhwala wa m'dziko muno unkamasuka. Mu 1987 ADMARC idaleka kukhala yokhayo yogula mbewu za alimi ang'onoang'ono, ndipo m'zaka za m'ma 1990 malonda a zipangizo za ulimi nawo adatsegulidwa kwa aliyense. Timasitolo ta mbewu ndi mankhwala tidafika pa malo ochitira malonda ambiri, chimene chidali chabwino kwa mlimi amene kale ankayenda mtunda wautali kukagula paketi imodzi. Koma alangizi adachepa, moti malipoti ambiri amati mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja 2,000 kapena 3,000. Mlangizi weniweni wa mlimi wa tomato adasanduka mnyamata wa kuseri kwa kauntala, amene ntchito yake ndi kugulitsa. Malire nawo ali pafupi. Za ku Tanzania zimalowera ku Songwe ndi ku Chitipa, mapepala ake olembedwa m'Chiswahili. Ku Jenda, Zambia ili pamphuno.

Lamulo lathu lapadera loona za mankhwalawa lidachedwa kubwera. Pesticides Act idavomerezedwa mu 2000, patatha zaka 46 chikhazikitsireni lamulo la Miller, ndipo idabala Pesticides Control Board, yomwe likulu lake lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Malamulo ang'onoang'ono olitsatira adatuluka mu 2002, ndipo mu 2018 aphungu adalikonzanso. Bungweli limalemba m'kaundula mankhwala ololedwa, limapereka zilolezo zoitanitsa kunja ndi zogulitsa, ndipo oyendera ake amalanda mankhwala osalembetsa, otha nthawi ndi otsanulidwa m'timabotolo. Lidagwiranso ntchito ndi FAO yosonkhanitsa matani mazanamazana a mankhwala akale amene adangounjikana m'nyumba zosungiramo katundu, kuti akawonongedwe kunja. Imeneyi ndi ntchito yooneka, ndipo ndi yoyamikika. Lamuloli silidaiwale za chakudya, popeza limapereka mpata woti boma likhazikitse malire a zotsalira. Koma mphamvu zambiri zidapita ku botolo: lalowa bwanji, akuligulitsa ndani, lalembedwa chiyani. Botolo likatuluka m'sitolo, boma limasiyana nalo pakhomo pomwepo.

Kuchokera pamenepo udindo umagawikana. Za m'munda ndi za unduna wa zamalimidwe. Miyezo ya chakudya ndi ya Malawi Bureau of Standards, imene imayang'ana kwambiri katundu wa m'mafakitale, wa m'mapaketi ndi wodutsa m'malire. Ukhondo wa m'misika ndi wa khonsolo ndi oyendera zaumoyo, amene lamulo lawo lalikulu, Public Health Act, ndi la 1948, chaka chomwe Müller ankalandira mphotho ya DDT. Woyendera zaumoyo amaona nyama yoola, ntchentche, chimbudzi chodzaza. Mankhwala monga cypermethrin pa tsamba la repu saoneka ndi maso. Anthu a ku Mchengautuwa amadziwa kudandaula akaona choipa. Kwa zaka zambiri mtaya wa zinyalala za mzinda wonse udali m'dera lawo, ndipo adaulankhula mpaka malo atsopano adatsegulidwa ku Msilo mu 2017. Mtaya udali ndi fungo ndi utsi. Zotsalira za mankhwala sizinunkha, choncho palibe amene adapitapo nazo kwa khansala.

Zinthu zidafika povuta kuyambira cha mu 2016. Kagulugufe ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kadafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo posakhalitsa kadali m'madimba a Zambia ndi Malawi. Mbozi yake imalowa m'kati mwa tsamba ndi m'kati mwa tomato, kumene mankhwala ongogwera pamwamba safikako. Imaswana mibadwo mpaka 10 kapena 12 pa chaka kumalo ofunda, ndipo imazolowera mankhwala msanga. Alimi amene adali atatopa kale ndi kangaude wofiira adayamba kunena kuti mankhwala a masiku ano akubwera opanda mphamvu. Adawonjezera muyezo, adafupikitsa masiku, ndipo ambiri adayamba kusakaniza mitundu iwiri kapena itatu m'sipuleya imodzi. Nthawi yomweyo ntchemberezandonda za mtundu watsopano zidagwa m'chimanga, mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Cypermethrin ndi chlorpyrifos zidagawidwa kwa alimi, ndipo ena adathira mchenga, phulusa ngakhale msuzi wa usipa kumtima kwa chimanga kuti nyerere zibwere kudzadya mbozi. Chimanga cha kudimba chimadyedwa chachiwisi. Mondokwa wootcha wa m'mbali mwa msewu nayenso adalowa m'gulu la zakudya zopoperedwa.

Kuti timvetse chifukwa chake masiku odikira satsatidwa, tiyenera kuwerenga monga mlimi amawerengera. Tomato sapsa tsiku limodzi. Akayamba kufiira amathyoledwa kawiri pa sabata kwa mwezi wathunthu kapena kuposa. Ngati pepala la pa botolo likuti dikirani masiku 7, ndipo chiwawu chikufuna kupopera sabata iliyonse, pa kalendala sipatsala tsiku loyenera kuthyola. Kumapiri a kumpoto mvula imachedwa kusiya, nkhungu ndi mvula yamawawa zimanyowetsa masamba mpaka m'miyezi yozizira, ndipo chiwawu chikhoza kupsereza dimba lonse m'masiku ochepa. M'dzinja, pamene tomato amasowa ndipo mtengo uli kumwamba, ndi pamenenso amapoperedwa kwambiri. Wopikula akaimba foni kuti lole ifika mawa, mlimi amene adapopera dzulo sanganene kuti bwerani sabata yamawa, pakuti lole ikagula kwa mnzake wa dimba loyandikana. Pamwamba pa izi pali opikula amene amakhulupirira kuti tomato wooneka fumbi la mankhwala saola msanga, chikhulupiriro chimene ofufuza adachipezanso ku Uganda, kumene alimi ena amapopera Dithane tomato atathyoledwa kale. Muyezo wake nthawi zambiri ndi kachitsekero ka botolo. Wopanda sipuleya amasungunula mankhwala m'ndowa n'kumawaza ndi tsache kapena nthambi ya masamba, ali wosavala nsapato. Wogula mankhwala a ndalama zochepa amapatsidwa otsanulira m'kabotolo kopanda pepala lililonse, ndipo zikatero malangizo owerenga palibe n'komwe. Kunena kuti alimiwa ndi osasamala n'kosavuta, koma ambiri a iwo amadya tomato yemweyo ndi ana awo.

Kuopsa kwake kusakokomezedwe, kusachepetsedwenso. Mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate ndi chlorpyrifos, amasokoneza kayendedwe ka uthenga m'mitsempha. Wowamwa kapena wonyowa nawo popopera amatuluka dovu ndi thukuta, amasanza, amabanika, ndipo kuchipatala amamubaya atropine. Odwala otere kawirikawiri amakhala opopera, ana opeza botolo m'nyumba, kapena anthu omwa dala. Zotsalira pa ndiwo zimagwira ntchito mwakachetechete, pang'onopang'ono, kwa zaka. Ulaya udachotsa dimethoate m'kaundula mu 2019, chlorpyrifos mu 2020 poopa kuti amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa ana, ndipo mancozeb mu 2021. Mu 2025 chlorpyrifos adalembedwanso m'pangano la Stockholm. Mancozeb akamaphwanyika amatulutsa ETU, amene amakhudza chithokomiro, ndipo kutentha kwa pamoto kumawonjezera kusinthaku. N'chifukwa chake tomato amayenera kutsukidwa asanalowe mumphika, osati kudalira kuti moto upha zonse. Kutsuka bwino ndi kuchotsa masamba akunja a kabichi kumachepetsa kwambiri mankhwala okhala pamwamba, ngakhale olowa m'kati ngati dimethoate sachoka ndi madzi. Kwa banja lotunga madzi ogula pa kiyosiki, kutsuka katatu ndi ndalama. Ndipo saladi wa pa chiwaya cha tchipisi, kabichi ndi tomato wosaphika, amadyedwa ndi ana a sukulu tsiku ndi tsiku.

Tisaiwalenso kuti chimene chimapha anthu ambiri m'chakudya ndi majeremusi. Mu 2015 WHO idati mu Africa anthu 91 miliyoni amadwala ndipo 137,000 amamwalira chaka chilichonse ndi matenda odzera m'zakudya, ambiri a iwo otsekula m'mimba. Ofufuza a ku Mzuzu University adayeza masamba a m'misika ya mumzindawu n'kupezamo E. coli, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2017. Munthu amene angasiye kudya masamba poopa mankhwala ndiye kuti wadzipweteka yekha.

Chochititsa chidwi n'chakuti kafukufuku wina wofunika pa njira zochepetsera mankhwalawa adachitikira pakhomo pomwepa. Stephen Nyirenda wa ku Lunyangwa Research Station ndi John Kamanula wa ku Mzuzu University, pamodzi ndi anzawo a ku Natural Resources Institute ya ku Britain, adayendera alimi a kumpoto kwa Malawi ndi a ku Zambia. Zimene adasindikiza mu 2011 zidaonetsa kuti alimi ambiri a masamba amadalira mankhwala a m'botolo, koma zitsamba akuzidziwabe, ndipo mtetezga ndiye wotchuka. Padali dandaulo lakale lakuti mtetezga nthawi zina umagwira ntchito, nthawi zina ayi. Mu 2012 gulu la Philip Stevenson lidapeza chifukwa chake: pali mitundu iwiri yofanana m'maso, wina uli ndi mankhwala opha tizilombo a gulu la rotenone, wina ulibe, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zitsamba zimene adayeza m'Malawi zidali za mtundu wopanda mphamvuwo. Mbewu yake idali itagawidwa ndi mabungwe olimbikitsa chonde m'nthaka, amene sankadziwa za kusiyanaku. Mphamvu ya mtetezga imatha msanga ndi dzuwa, choncho siyitsalira nthawi yaitali pa masamba, ngakhale ili yoopsa kwa nsomba ikalowa mumtsinje. Zipatala za mbewu za pulogalamu ya Plantwise, zimene zidayamba mu 2013 m'maboma a Lilongwe ndi Mzimba, nazo zidayesa kubwezeretsa mlangizi pakati pa mlimi ndi sitolo. Zonsezi ndi zothandiza, koma mlimi wa maekala awiri a tomato amene watenga ngongole sangasinje masamba okwanira kuthana ndi Tuta.

Chatsala ndi kuyeza. Makina opeza zotsalira molondola ndi odula, amafuna magetsi osazimazima, akatswiri ndi mankhwala oyerekezera ogula kunja. Ma labotale aakulu a Malawi Bureau of Standards ali ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 600 kuchokera ku Mzuzu, ndipo pamene zotsatira zikubwera tomato woyezedwayo amakhala atadyedwa kale. Ngakhale atapezeka wopyola malire, mlandu ungagwere ndani? Nyemba za ku Kenya zopita ku Ulaya zimakhala ndi nambala ya munda pa bokosi lililonse. Lole ya ku Jenda imanyamula tomato wa alimi ambiri, wosakanizidwa posankha wamkulu ndi wamng'ono, wogulitsidwa mbandakucha popanda lisiti. Amene lamulo lingamugwire mosavuta ndi mayi wa pabenchi ku Mchengautuwa, yemwe sadagwireko sipuleya.

Maiko ena a alimi ang'onoang'ono adayambira pamalo opikulira. Dziko la Taiwan, limene lidamanga Mzuzu Central Hospital yotsegulidwa mu 2000, lidakonza m'zaka za m'ma 1980 njira yachangu yoyezera masamba pogwiritsa ntchito enzaimu yotengedwa m'mitu ya ntchentche. Imapereka yankho m'mphindi zochepa, ndipo imagwiritsidwa ntchito m'misika yopikulira katundu asanamwazike m'manja mwa ogulitsa. Njirayi imangogwira organophosphate ndi carbamate, mancozeb siyimuona, koma ndi yotchipa ndipo katundu wokayikitsa amaimitsidwa mwini wake ali pomwepo. Ku Mzuzu malo otsitsira tomato ndi owerengeka, nthawi yake ndi yodziwika, ndipo malole a ku Jenda amalowa mumzinda kudzera msewu umodzi.